Pansi pa Matiresi a Kalisi

Kwa ife Atonga a ku zilumba za pakati pa nyanja yamchere, mkazi amadziwika ndi kutalika kwa bedi lake. Sindikunena miyendo ya bedi ayi, koma zimene zagona pansi pa matiresi: mikeka yoluka bwino ndi ngatu, nsalu yathu ya khungwa, zosanjikizana mpaka munthu pokagona achite kukwera. Malemu amayi athu ankapondera chitini cha mabisiketi kuti afike pabedi pawo, ndipo ankachita kunyadira popondapo.

Mng'ono wanga Kalisi anakwatiwa ndi Filimone kuno ku Logan, tauni ya kudziko la azungu kumene tinasamukira, ndipo amayi a ku tchalitchi anamuunjikira katundu wosasimbika. Bedi lake linafika m'chiuno. Makoma anadzaza zithunzi za abale zovekedwa nkhata za maluwa a pulasitiki, pazenera panali makatani ofiira a maluwa akuluakulu. Chinali chipinda cha mkazi amene ali ndi anthu.

Kenaka foni inamulowa m'mutu. Kalisi amagwira ntchito yosamalira nkhalamba, ndipo akaweruka amakhala atatheratu. Anayamba kumathera nthawi akuyang'ana zithunzi za zipinda zoyera mbee, zopanda kanthu, n'kumati anthu ogona mmenemo amapumadi. Sabata ina anagula penti. Anatsitsa zithunzi, anachotsa makatani, anagula kabedi kafupi kofika m'mawondo, kanyali kamodzi ndi kamtengo kamodzi ka mumphika. Zina zonse, mikeka ndi ngatu zomwe, anazilongedza m'mabokosi a pulasitiki n'kukaziika m'galaja, kuseri kwa makina otchetchera kapinga.

Atandiitana kuti ndidzaone, ndinaima pakhomo.

"Akuba aja anabwera liti?" ndinafunsa.

"Achemwali inu, simukumvetsa. Chipindachi tsopano chikupuma."

"Chikupuma kapena chatsirizika? Ngakhale kuchipatala amaika kalendala pakhoma."

Filimone anangoseka chapansipansi. Ndi chimunthu chachikulu chosayankhulayankhula, amagwira ntchito yodula nyama, ndipo mkazi wake amamukonda mopusa. "Bola pogona alipo, alamu," anatero.

Mwezi wotsatira kunabwera azakhali a Luseane kuchokera kwathu ku zilumba za Vava'u, kudzakhala nawo pa phwando la mwana wa Kalisi amene ankakwanitsa chaka. Iwowa ndi mlongo wa bambo ake a Filimone, ndiye mukudziwa kale: akakhosomola, banja lonse limati zikomo. Anawapatsa chipinda chabwino koposa, chomwe chija.

Ine ndi amene ndinawanyamulira chikwama. Analowa, anayang'ana khoma ili, anayang'ana khoma ilo. Pokhala pabedi anapita pansi kwambiri kuposa mmene ankayembekezera, mawondo n'kutsala m'mwamba. Kenaka dzanja lawo linachita zimene dzanja la mkazi aliyense wakwathu limachita, linatukula ngodya ya matiresi. Pansi pake panali matabwa okhaokha.

"Zikomo ana anga, malo abwino," anatero.

Kalisi anandiponyera diso lonyada. Ine ndinangoika chikwama pansi, poti dzanja lija ndinali nditaliona.

Mikeka imatuluka m'nyumba pa zifukwa zitatu: ukwati, maliro, kapena pinyolo. Azakhali anawerenga okha. Ukwati kunalibe, maliro kunalibe. Lachisanu anaona Filimone akupita ku kalabu kumene amakaonera mpira ndi anzake, ndipo wina anawauza kuti kumeneko kuli makina a juga. Basi nkhani inapsa. Sanafunse Kalisi, poti mkazi wozunzika sumufunsa, umangomuthandiza. Anakafunsa nzeru kwa mayi busa, ndipo zimene wamva mayi busa wathu ndiye kuti wamva ndi mpingo wonse.

Ine zinandipeza Lachinayi, m'sitolo, kwa mayi wina amene anandigwira mkono n'kunena kuti akutipempherera. Ndinaimba foni pomwepo.

"Iwe Kalisi, anthu akuti mwamuna wako anapinyolitsa mikeka yako chifukwa cha juga. Kawauze azakhali lero lomwe."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti mphatso zawo ndinaziika pamodzi ndi makina a kapinga?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Filimone akuyembekezeka kulalikira koyamba mwezi wamawa. Ukufuna akaime kutsogolo ndi dzina limeneli?"

Anati awauza mawa. Mawa lake linafika, sanawauze.

Loweruka m'mawa galimoto zinaima mumsewu monse. Amayi anatsika atavala timikeka tawo m'chiuno ngati akupita ku mwambo waukulu, akuimba nyimbo ya tchalitchi, aliyense atasenza kanthu. Anadutsa pabalaza n'kulunjika kuchipinda. Wina anakhoma misomali pakhoma loyera lija, wina anapachika makatani obiriwira, awiri anatukula matiresi n'kuyamba kuyala ngatu. Kalisi anaima pakona, mwana ali m'manja. Amayi aja ankamusisita paphewa pomudutsa.

"Usachite manyazi mwana iwe, amuna ndi choncho. Wanga anagulitsapo nkhumba ya maliro."

Pomalizira analowa gogo Pisila, atatsamira ndodo. Maso awo anachita khungu kalekale, koma ndi amene analuka mkeka wa ukwati wa Kalisi, ndipo unawatengera nthawi yaitali kuposa mimba. Mayi wina anawanyamulira mkeka wopindidwa m'nsalu yoyera. Tonse tinkaudziwa. Unali umene anasungira kuti adzawakulungire tsiku lawo likadzakwana.

"Ikani pansi penipeni," anatero gogo. "Ine sindikufa chaka chino. Mwanayu asagone pamatabwa."

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Atamaliza, tonse tinakhala pabalaza, ndipo azakhali anaitanitsa Filimone. Anabwera kuchokera kuseri kumene ankasenda zilazi, manja ali onyowa, n'kukhala pansi atapinda miyendo. Azakhali sanakweze mawu. Anamukumbutsa bambo ake, amene anafa osalawako mowa. Anamufunsa ngati makina aja adzamuike m'manda. Anamufunsa kuti mwana wake pa phwando adzakhala pa chiyani, pa nyuzipepala? Mayi busa anawonjezera kuti za ulaliki zija ziyambe zaima, abusa adziwa kale.

Filimone poyamba sanamve chimene chinkanenedwa. Ndinaona nkhope yake pamene anamvetsa. Anatembenuka pang'ono kuyang'ana mkazi wake, Kalisi n'kugwetsa maso pamutu pa mwana. Ndiye chimunthu chija chinaweramitsa mutu mpaka pafupi ndi pansi.

"Ndalakwa, azakhali. Ndalakwa, amayi anga nonse. Mundikhululukire."

Amayi ena anayamba kulira, ena kunena ameni. Ine ndinamutsina Kalisi pantchafu, kutsina kwenikweni kosiya chizindikiro. Sanasunthe. Ndinapsa mtima moti ndikanatha kumulanda mwanayo n'kumumenya khofi pamaso pa mpingo.

Anali gogo Pisila amene anamutsegula pakamwa Kalisi, osadziwa. Anafufuza dzanja lake n'kuligwira.

"Mkeka uja ndinakulukira uja usaulire. Unapita basi. Mwina amene anaugula akuusamala."

"Sunapite," anatero Kalisi. "Filimone sanapinyolitse kanthu. Sanayambe watchova juga. Zonse zili m'galaja. Ndinaika ndine."



Tinapita kugalaja tonse, mwandondondo ngati tikupita kukaona nkhope. Filimone anakankha makina a kapinga. Mabokosi anali pomwepo, ndipo atatsegula loyamba munatuluka fungo la mkeka losakanikirana ndi la petulo. Mayi aliyense anayamba kuzindikira chake. Uyu ngatu yake, uyu nsalu ya pabedi imene anasoka, uyu chithunzi cha malemu mchemwali wake chitayang'ana pansi.

Azakhali anayesetsa kumupezera pothawira, zimenezo ndiwayamikire.

"Kodi denga la kuchipinda likudontha?"

"Ayi, azakhali."

"Munali mphemvu?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani, mwana wanga?"

Kalisi akanatha kunama. Ine ndemwe ndinkamupempherera kuti aname. Koma anali atatopa nako kubisa.

"Zinkandisokosa m'maso. Ndikaweruka kuntchito ndinkafuna polowa popanda kanthu."

Palibe anamukalipira, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Azakhali anatembenukira kwa Filimone. Mkazi amene m'banja lonse sakhala pansi wina ali chiimire anagwira khoma, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kukhala pasimenti yothimbirira mafuta, kumapazi a mwana wa mchimwene wawo.

"Ndakuipitsira dzina, Filimone. Ndine ndinayambitsa."

"Azakhali dzukani, chonde dzukani," anatero Filimone, ndipo nayenso anadzigwetsa pansi kuti asawapose kutalika. Chimunthu chija chinalira ngati mwana. Mayi busa ankangoyang'ana zikhadabo zawo.

Amayi aja anabwerera m'nyumba okha, popanda wowauza. Ochotsa makatani anachotsa, otukula matiresi anatukula, aliyense anapinda chake mwaulemu n'kupita nacho kugalimoto. Nyimbo panalibe. Azakhali anandiuza motsitsa kuti ndiwatengere chikwama chawo, akagona kwanga mpaka tsiku la phwando.

Gogo Pisila anatsalira m'galaja. Anapempha kuti awapatse mkeka wa ukwati uja, ndipo anauyendetsa zala kuyambira m'mphepete, akufufuza ngati pena pathetheka. Kalisi anagwada pambali pawo.

"Agogo, ndiubwezera pabedi lero lomwe. Ndikulonjeza."

"Ayi mwana wanga, usadzivutitse." Anaupinda bwinobwino mmene amapindira eni ake, n'kuusisita kamodzi. "Ine maso ndilibe, sindinadziwe kuti ndaluka chinthu chaphokoso. Nditengereni ndipite nawo, kwanga sudzasokosa munthu."

Kalisi anatambasula manja kuti aulandire, koma gogo anali ataupereka kale kwa mayi amene anabwera nawo.