Tsiku Limene Madamu Masiye Anasasa Mawu

Mawu a Madamu Masiye anayamba kusasa Lachitatu. Lachinayi anatheratu. Pakhosi pankangotuluka mphepo.

Kunyumba sanakhale. Anakwera minibasi ku Biwi, kutsika pa depoti, kenako kabaza mpaka kusukulu ku Chinsapo. Pokhota ankangolozera wakabaza ndi chala.

Ahedi, Bambo Rabson, anawapeza pakhonde.

"Madamu, mwadzuka bwanji?"

Madamu anangomwetulira.

"Mwaonatu. Chaka chilichonse nkhani ndi yomweyi. Sitandade 1 ikukudyani pakhosi. Lolemba mupite ku Sitandade 7. Kumeneko ana amamva kamodzi."

Madamu anapukusa mutu mwamphamvu. Kalasi ya Sitandade 1 aphunzitsi anzawo ankaithawa. Ana odzaza mpaka pakhomo, onse pansi. Mamina, kulira, wina wataya nsapato. Koma ndi momwemo mmene mwana amafika atagwira pensulo ngati mpini, pofika teremu yachitatu n'kulemba dzina lake yekha. Chinkawadzutsa m'mawa ndi chimenecho. Ku Sitandade 7 akakaonako chiyani?

"Chabwino," anatero ahedi. "Ndibwera ndidzaone ndekha. Ana akakukanikani lero, nkhani yatha."

M'kalasi munali ngati mumsika wa Chilinde. Masiku onse Madamu ankalowa ndi nyimbo, mokweza, mpaka malata kuyankha. Lero nyimbo panalibe. Anaima kutsogolo. Palibe anawacheukira.

Ndiye anagwada pafupi ndi mzere woyamba, n'kunong'oneza kamtsikana kena, Zuhra: "Ndili ndi chinsinsi."

"Madamu ali ndi chinsinsi!" anakuwa Zuhra.

"Chinsinsi chanji?"

"Iwe, tatseka pakamwapo! Sitikumva!"

"Wayamba ndiwe, chimutu!"

Analetsana okha mpaka m'kalasi munati zii. Onse anasendera kutsogolo, makosi atatalika. Madamu analemba pa bolodi, n'kunong'ona: "Ma." Mzere woyamba unanong'oneza wachiwiri, wachiwiri wachitatu. "Ma" anayenda mpaka kukhoma lakumbuyo. Kenako "me". Kenako "mi". Ngakhale aja okonda kugona kukona anali maso gwa, kudikira kuti chinsinsi chiwafike.

Ahedi anabwera chothamanga, poganiza kuti ana abalalika. Anasuzumira pawindo.

"Kodi muno mwagwa maliro?"

"Shhh! Ahedi, mukusokosa!" ana anatero onse pamodzi.

Madamu anafuna kuseka. Pakhosi panakana. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

Ahedi anakanda chibwano. Kenako anawakodola Madamu kuti afike pawindo. Nawonso ananong'ona.

"Mawa mupite kuchipatala akakuoneni pakhosipo. Lolemba mubwerere momuno. Ana amenewa ine sindingawathe."

Madamu anawomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kubwerera ku bolodi. Ana anali atayamba kale kukokana malaya, kufunsana kuti chotsatira n'chiyani. Madamu anatola choko, n'kulemba "mo".