Katebulo Kopanda Miyendo

Pamsika ankawadziwa ndi dzina loti Mayi Sinditsitsa. Ankagulitsa mapoto, ndipo nzeru yawo inali imodzi: poto wabwino amalemera. Wogula akayamba kunenerera, iwo ankangomuika poto m'manja. "Tanyamula. Wamva? Ndiye tseka pakamwa, mtengo sutsika."

Mwana wawo womaliza, amene ankamutcha Kamisiri, anaphunzira ntchito ya malata ndipo ankagwirira m'kashedi kuseri kwa nyumba. Chimalizireni sukulu ankangomata ndowa zobooka za aneba. Koma miyezi itatu yathunthu mtsikanayo analimbana ndi chinthu chimodzi: katebulo kopanda miyendo. Kanali ka aluminiyamu, kukula kwake ngati thireyi ya tiyi, kopinda pakati, kokhala ndi lamba womangira pa thunthu la mtengo. Ankapangira anthu oyenda masiku angapo m'mapiri katundu ali kumsana, kuti akafika pogona amange katebuloko pamtengo, aikepo kastovu ka gasi, aphike osagwada m'matope ndi m'nyerere.

Bambo wina wotsogolera magulu a anthu otere anamva za katebuloko. Anaimba foni kuti abwera Loweruka. Akakakonda, azigula matebulo a magulu ake onse kwa Kamisiri.

Loweruka m'mawa mtsikanayo ananyamuka kukamuchingamira kudepoti.

"Amayi, chonde, musakakhudze."

"Ndikhudzirenji zidole zako? Pita, uchedwa."

Asanakhote n'komwe pakona, mayiwo anali kale m'shedi. Anakanyamula, mtima n'kuti phwii. Kanali kopepuka kuposa chivindikiro cha poto wabodza. Nanga mabowo! Paliponse mabowo, ngati sefa. Munthu achoke kutali konseko adzapeze izi? Adzati mwana wa Sinditsitsa amaumira chitsulo, amabera makasitomala. Mwanayu bambo alibe. Akapanda kumuteteza mayi ake, amuteteza ndani?

Anakakulunga m'nsalu n'kudumpha msewu kupita kwa wowotcherera zitsulo.

"Iwe, siya geti ilo. Undikhomere chitsulo chochindikala kunsi kwa aka. Mabowo onsewa atsekeke."

Wowotcherera anakweza magalasi ake akuda pamphumi, n'kukatembenuza katebuloko kawiri. "Mayi, mabowowa akuoneka ngati adala. Onani mmene afoletsera. Mwiniwake akudziwa?"

"Mwiniwake ndinamubereka ndine."

"Paja safunsa anadya phula."

"Phula udye ndiwe ndi akazi ako. Ukhoma kapena ndipite kwa mnzako wapakonayo?"

Anakhoma. Anadula chidutswa cha chitseko chakale chachitsulo n'kuchimangirira ndi mariveti asanu ndi atatu, timisomali tolumikizira zitsulo. Pa mtengo wa ntchitoyo anakangana mpaka mwamunayo anakweza manja. Mayiwo anabwerera akumva kulemera kokoma m'khwapa. Anakaika pamalo pake, n'kukafunditsa nsalu yoyera ya patebulo la alendo.

Mlendoyo anali wowonda, wa miyendo ngati mitengo ya bulugamu, chikwama chachikulu kumsana. Anapereka moni mwaulemu, anakana mpando, n'kupita kushedi. Mayiwo anatsatira, manja m'chiuno.

Kamisiri atavundukula nsalu anaima chilili. Anakagwira katebuloko, dzanja n'kutsika nako. Anakatembenuza n'kuona chitsulo chadzimbiri chija. Sanayang'ane mayi ake.

Mlendoyo anali atatulutsa kale kasikelo kokhala ndi ngowe. Anakoleka katebuloko, n'kuyang'anitsitsa manambala.

"Chemwali, pafoni munati magalamu mazana atatu."

"Eya."

"Apa pakuti makilogalamu awiri ndi theka. Komanso sikakupindika." Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. "Ndasiya gulu la anthu asanu ndi awiri kuti ndibwere kuno. Mukanangondiuza zoona."

Mayi Sinditsitsa anatsegula pakamwa kuti anene zimene ankanena tsiku lililonse: tanyamulani, mwamva? Koma mwana wawo anawapitirira.

"Pepani, bambo. Ndalakwitsa ndine. Ndinaopa kuti kathyoka, ndiye ndinawonjezera chitsulo."

Bodza limenelo linawamenya mayiwo ngati mbama. Mwana amene ankamutukwana kuti ndi waulesi, amene ntchito yake ankaitcha zidole, anali ataima pamaso pa mlendo akudzipaka matope kuti mayi ake akhale oyera. Mayiwo anayang'ana pansi, n'kuona tizidutswa tozungulira ta aluminiyamu tili mbwee pafumbi, tija anakhala akutisesa miyezi itatu akudandaula. Kalikonse kanali bowo limene mwanayo anaboola ndi dzanja lake.

Mlendoyo anayamba kupinda kasikelo.

"Dikirani." Mawu a mayiwo anatuluka okhakhala. "Akunama uyu. Ndine. Ndapita nako kwa wowotcherera m'mawa uno, iye ali kudepoti."

"Amayi..."

"Khala chete, ndikuyankhula. Ndinaona ngati n'kochepa mphamvu. Ine ndimagulitsa mapoto, bambo. Kwathu kumsika chopepuka n'chabodza. Kusukulu sindinapite patali. Ngati mukufuna wotukwana, tukwanani ine."

Zaka zonse za pamsika sanapepesepo munthu. Mawu oti pepani anatuluka chapansipansi moti mwina mlendoyo sanawamve.

Bamboyo anavula chikwama chake n'kuchiika patsogolo pawo.

"Tanyamulani, mayi."

Anachinyamula ndi manja awiri, msana n'kulira.

"Chimenecho ndimakwera nacho phiri masiku anayi." Anapisa m'thumba lam'mbali n'kutulutsa mswachi wodulidwa chogwirira, wotsala ngati chala. Anatulutsanso supuni yoboola mabowo pa mpini. "Tsiku lachitatu ngakhale mswachi umalemera. Mwana wanuyu anamvetsa zimenezo asanakwereko n'komwe."

Mayiwo anayang'ana mswachiwo. Pa tsiku lina akanaseka mpaka misozi. Lero anangofunsa kuti, "Basi yanu inyamuka nthawi yanji?"

"Ikamakwana thwelofu."

Mayiwo anatsomphola katebuloko n'kutuluka. Anadumpha msewu opanda nsalu yokulungira, aneba onse akuona. Wowotcherera atawaona anayamba kumwetulira.

"Phula lija, mayi?"

"Chotsa. Ukakanda ngakhale pang'ono, udziwanso."

"Kuchotsa kuli ndi mtengo wake."

"Tchula."

Anatchula, akuyembekezera nkhondo. Mayiwo anangomasula mfundo ya nsalu yawo ya m'chiuno n'kupereka. Mwamunayo anachita kuwayang'ana kawiri ngati akudwala.

Mayiwo atabwerera, Kamisiri anawongola m'mphepete ndi kanyundo kamtengo. Mabowo asanu ndi atatu a mariveti anatsala, osafola mzere, oipa ngati mano ogweluka pakati pa anzawo. Anamanga katebuloko pa mtengo wa pabwalo, n'kukoka lamba mpaka kuti gwa. Mlendoyo anaikapo kastovu ndi kapoto ka madzi. Mayiwo anaima patali, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, akudikira kuti kagwe. Madzi anawira. Katebulo sikanagwedezeke.

"Nditenga kamodzi kano kaye," anatero mlendoyo. "Kakabwerako kamoyo kuphiri, tikambirana za enawo."

"Kamodzi kokha?" Lilime la mayiwo linali litanyamuka kale. Kamisiri anawacheukira. Analibweza.

Mlendo atapita, mtsikanayo analowa m'shedi n'kuyamba kuyeza lata lina. Mayiwo anaima pakhomo nthawi yaitali, manja osowa pogwira. Kenako anatola tsache.

"Tizidutswa iti... ndisese, kapena tili ndi ntchito?"

"Sesani."

"Nanga chitsulo chija ndachisiya kwa wowotcherera?"

"Kachitengeni," anatero Kamisiri, maso ali pa lata. "Mwalipira kawiri. Muzivindikirira mapoto anu."

Mayi Sinditsitsa anawerama n'kuyamba kusesa, kuyambira pakona.