Mizere Yofiira pa Mkono wa Jasi

Kuntchito ankamutchula kuti Namondwe, chifukwa akalowa m'chipinda mapepala ankauluka, makapu n'kumagwa. Iye dzinalo sankalikana. Anali injiniya wa timapiko tachitsulo timene timazungulira m'kati mwa injini ya ndege mpweya ukamatikankha, ndipo m'mawa umenewo anafika akuyenda ngati waponda khala la moto.

Chimene chinamudya mutu kwa zaka chinali chaching'ono ngati chikhadabo. Pakati pa nsonga ya phiko ndi khoma la injini pamatsala kampata kuti zitsulo zisakhulane. Mpweya, poti ndi waulesi ngati tonsefe, umazembera pakampatako osakankha phiko, mafuta n'kumapsa pachabe. Namondwe anapanga kamlomo kopindika pansonga kuti mpweyawo usowe pothawira. Abwana anamulola kuyesa kamodzi kokha. Kamlomoko kakapanda kuonetsa kanthu, makina oyesera apita kwa gulu lina, ganizo lake n'kukaolera m'kabati.

Woyendetsa makinawo anali mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake, munthu wosathamanga ngakhale nyumba ikupsa.

"Alamu, pakani pang'onopang'ono," anatero mlamuyo. "Si majarini ameneyo."

"Inu samalani mabatani anuwo, alamu. Za burashi ndisiyireni."

Ankapaka oyilo wosakaniza ndi utoto wofiira pa mapiko awiri, limodzi lakale, linalo la kamlomo kake. Mpweya suoneka, koma ukadutsa pa oyilo umasiya mizere yosonyeza kumene unalowera. Lamulo la m'chipindamo linali limodzi: akatsekula, manja kumbuyo mpaka chithunzi chitajambulidwa.

Anatseka chivundikiro cha makinawo, n'kukaima kuseri kwa galasi lochindikala. Mlamu anadina batani. Makina anayamba ndi kung'ung'udza, kenako analira mokweza mpaka pansi panayamba kunjenjemera. Ankagwiritsa ntchito mpweya wozizira, popanda moto, kuti oyilo asapse. Namondwe ankangodumphadumpha. Anali wokondwa, komanso anali ndi mantha osasimbika.

"Zimitsani! Zakwana!"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha mlamu, osamuyang'ana n'komwe.

Mapiko ataima, anatsekula chivundikiro. Mlamu anatembenuka kukatenga kamera patebulo. Namondwe anaika manja kumbuyo ngati mwana womvera, n'kusuzumira. Pa phiko lakale mizere inali itapotokera kunsonga, kusonyeza kuti mpweya unathawira pomwepo. Pa phiko lake mizere inali yowongoka ngati tsitsi lopesa, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, popanda ndi umodzi womwe wokhota.

"Alamu! Watsekeredwa! Mpweya wasowa kolowera, bwerani mudzaone!"

Anaweramira m'kati kuti aone bwino nsongayo, n'kuweramiranso. Nsapato inaterereka pa kadontho ka oyilo. Pofuna kudziteteza anaponya mkono kutsogolo, ndipo mkonowo unakatera pa phiko lake lomwelo, thi! Ataudzutsa, pachitsulopo panangotsala chibanga chofiira.

Mlamu anaima ndi kamera m'manja, kukamwa kuli yasa.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, abwana n'kulowa. Anali bambo wa imvi, wosakonda nkhani zambiri.

"Ndamva chimkuwo ndili ku ofesi. Ndionetseni."

Anayang'ana phiko lakale, kenako chibanga chija.

"Inalipo, bwana," anatero Namondwe. "Yowongoka yonse. Ndaiona ndi maso angawa."

"Maso anuwo sindingawanyamule kupita nawo ku msonkhano, mayi. Chithunzi chili kuti?"

Namondwe anamva manyazi ndi chisoni zikumukwera limodzi. Zaka zonse zija, n'kudzazifufuta yekha ndi chigongono! Misozi inalengeza, ndipo anakweza mkono kuti apukute ndi jasi yake yoyera.

Munthu wosathamanga uja anathamanga tsiku limenelo. Anamugwira dzanja lili m'mwamba.

"Alamu, musagwedezeke! Olo kupuma, musapume!"

Namondwe anayang'ana pansi pa mkono wake. Pansalu yoyerayo panali patadindika phiko lonse ngati chidindo cha ku ofesi, mizere yofiira ili ndondondo mpaka pakamlomo. Mkonowo unali utatera kamodzi n'kudzuka osakhula, ndipo nsalu inamwa oyilo mmene analili.

Abwana anavala magalasi. Anayang'ana mkonowo, anayang'ana phiko lakale, n'kubwereranso pamkono. Anatsata mzere umodzi ndi chala chili m'malere, osakhudza. Kenako anaseka, chinthu chimene ambiri pakampanipo anali asanachionepo.

"Jambulani mkonowu. Makina akhale anu, mubwerezenso bwinobwino. Koma ulendo uno awa muwamange manja."

Mlamu anajambula zithunzi mpaka chala kutopa, kenako anatulutsa foni.

"Achimwene, tamverani. Ndikudziwa kuti Loweruka mumachapa ndinu. Jasi ya alamu ikabwera ndi zofiira, musaiviike m'madzi. Mukaichapa, banja latha!"

Namondwe ankaseka, misozi ikutsikira m'masaya popanda woipukuta. Anaima pakati pa chipindacho mkono uli m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito pamenepo sanagwedezeke ngakhale pang'ono.