Batani Lachisanu ndi Chimodzi

"Usite bwino m'khosimo," anatero mayi. "Mlongo wako sankafuna makwinya."

Mwana wawo wamkazi, yemwe anthu ankangomuti Aphunzitsi, anayala jekete patebulo. Panali patapita masiku atatu chifikireni uthenga wochokera kundende: mlongo wakeyo, telala uja amene anapha akazi asanu, akaidi anzake amuphera kubafa. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa.

Pambali pa simbi panali chikalata chochokera kundendeko. Akasaina, mtembo ubwera kunyumba. Akapanda kusaina pofika mawa, akaidi omwewo akaukwirira kuseri kwa mpanda. Mayi sankadziwa kulemba, ndiye mtolo wonse unali pamutu pa Aphunzitsi.

"Makolo a ana anga kusukulu akundiloza kale zala, mayi. Mukufuna aone ndi bokosi lomwe?"

"Mwana akakunyera pamwendo sudula mwendowo."

"Anapha anthu."

"Iweyo anakupha? Si yemweyu ankakusokera zovala ulere?"

Jeketelo telalayo anawasungitsa mayi asanamangidwe, ndipo iwo ankafuna avale lomwelo m'bokosi. Simbi itafika pachifuwa, inagunda tinthu tolimba. Aphunzitsi anatembenuza thumba lam'kati. Munali mabatani osokeredwa pamzere, msoko wake waukhondo uja. Kukhothi ananena kuti mkazi aliyense anapezeka batani lapakhosi litadulidwa, ndipo apolisi anasaka mabataniwo mpaka kutopa.

Anawerenga asanu. Kenako lachisanu ndi chimodzi, lachikasu, lobenthuka m'mbali.

Analidziwa. Tsiku lina mlongo wakeyo anamuperekeza panjira yachidule, yopanda anthu. "Batani lako likugwedera, ndikakusokera," anatero, n'kulidula ndi kalumo pomwepo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kalumo kali m'manja, kenako anati, "Thamanga, kukubwera mvula." Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe.

Mantha anamugwira Aphunzitsi, pamodzi ndi chisoni chimene sankachifuna n'komwe.

"Wapeza chiyani?" anafunsa mayi.

"Ulusi chabe, mayi."

Mayi atatuluka, anatenga sizasi n'kudula mabatani asanu aja, n'kuwamanga pakansalu kuti akawapereke kupolisi. Eni ake anali ndi amayi awonso. Anakoka chikalata chija n'kusaina.

Lachikasulo analisiya pomwe mlongo wake analisokera. Ananyamulanso simbi, n'kumasita molilambalala.