Kapu ya Malemu Ezron

Bungwe losunga zinthu zamakolo pa boma la Lundazi linayamba mu 1994. Analiyambitsa ndi a Danwell Zimba, amene anali atangobwera kuchokera ku migodi ya ku Kitwe ndi magalasi, ndodo ndi Chingelezi chambiri. Kumeneko anakhalako zaka makumi atatu, ndiye za kumudzi ankazikonda ngati mmene munthu amakondera apongozi okhala kutali.

Anabwereka chipinda kuseri kwa sitolo yakale n'kukhoma mashelefu. Chosowa chinali choikapo. Anthu atapemphedwa zinthu zakale, wina anabweretsa wailesi yakufa. Amene anawaombola anali Saimoni, wamalonda wa ku Kasungu, yemwe Lachisanu lililonse ankafika ndi thumba panjinga: miphika, mbale, makapu achitsulo, zonse zokalamba bwino. Chilichonse chinali ndi kabowo pansi. A Danwell sanavutike nazo, analemba patimapepala kuti makolo ankasefera chidulo. Ngakhale pa supuni analemba zomwezo.

Wosesa m'chipindamo anali Faides, mayi wamasiye wa kwa Magodi. Tsiku lina akupukuta fumbi anaona kapu yobiriwira, yosupuka pakamwa, ndipo kansalu kanamugwa m'manja. Bowo la kapuyo analiboola yekha ndi msomali, n'kuivundikira pamanda a mwamuna wake, a Ezron Nyirenda. Ndi mmene anthu amachitira, kuti wopita apite ndi chomwera chake, wamoyo asachisirire.

Anagwada n'kupempha a Danwell kuti kapuyo ibwerere kwa mwini wake. Anati a Ezron ali moyo sankamwera m'kapu ya munthu wina, ndipo kudikira sankakudziwa. A Danwell anapukuta magalasi, nati kapuyo yapatsidwa kale nambala 17, ndipo chinthu chikapatsidwa nambala chimasanduka cha dziko. Mwambo wotsegulira unali Loweruka. Ukadutsa, nkhaniyo idzalowa mu komiti.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankapeza zonse za m'mashelefu zitavundikirika. Kiyi anali mmodzi yekha, m'thumba la a Danwell. Iwo anati ndi makoswe. Faides anangoti makoswe a pa boma ndi ophunzira, amavundikira mwa mzere.

Loweruka linafika, dzuwa lili paliwombo. Mipando anaika makumi awiri, ya aphunzitsi, abusa ndi akuluakulu a m'maofesi, koma chipinda chinadzaza. Munali anthu ena amene palibe anawaona akulowa. Zovala zawo zinali zaukhondo koma za kasokedwe kakale, mapazi ali fumbi lofiira. Moni sanapereke, zakumwa sanalandire. Aliyense anangoima pafupi ndi chinthu chimodzi, n'kumachiyang'ana. A Danwell anatuma mlembi wa bungwe, Evelina, kuti akalembe mayina awo m'buku la alendo. Anabwerako buku lili loyera, nati iye wayamba kumva kuzizira, akufuna kukakhala panja.

A Danwell anayamba kuwerenga zomwe anakonza. Atafika pa mawu oti chidulo, analekeza pomwepo.

Faides anatsamiritsa tsache kukhoma. Pa nambala 17 panaima bambo wamtali wa jekete la khaki, ataweramitsa mutu. Faides sanamuyang'ane kumaso. Anatenga kapu ija, n'kuikulunga m'chitenje.

"A Nyirenda, tiyeni kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Mwaimilila mokwanila."

"Amama, iyo ili na nambala..." anayamba motero a Danwell. Bambo wa jekete uja anatembenuza mutu pang'onopang'ono. A Danwell anasiya za nambala, n'kufunira Faides ulendo wabwino m'chinenero cha kwawo. "Yewo, amama. Mwende makola."

Amene anakhala pakhonde amati Faides anatuluka yekha, koma ankayenda m'mbali mwa njira ngati akusiyira wina pakati. Pa siteshoni anapempha kondakitala kuti mpando wa pazenera ukhale wopanda munthu. Kondakitalayo, munthu woti amakwezera anthu pamiyendo ya anzawo, sanatsutse.

Alendo ena aja anatsala, ndipo tsopano onse ankayang'ana a Danwell.

Saimoni sanaonekenso pa boma. A Danwell anatha chilimwe chonse ali panjinga, thumba kumbuyo, kwa Magodi ndi kwa Mwase, akufunsa khomo ndi khomo kuti mbale iyi ndi ya yani, anagona pati, anabadwa kwa yani. Mayankho anadzaza makope atatu, ndipo mbiri yonse imene bungwelo linasungapo ndi yomweyo.

Mbale imodzi yokha ndi imene inasowa woidziwa. Inabwerera pashelefu, chovundikira. Faides anapitiriza kusesa m'chipindamo, koma akafika pangodya imeneyo ankayamba wanena kuti odi.