Zonse Zili Bwino, Anatero Shelley

Sukulu ya mkaka itatsegulidwa mu Januwale, Shelley Braithwaite anali woyamba kufika pakhomo, chipewa chitaphimba makutu, mwana wake Rory akukokera m'mbuyo ngati mbuzi yokana chingwe. Kunja kunali kusanayere bwino, ndipo mphepo ya kunyanja inkabaya m'mafupa monga imachitira ku Grimsby nyengo imeneyi. Koma Shelley sankamva kuzizira. Lachitatu la sabata yomweyo ankayamba ntchito ya tsiku lonse ku fakitale ya nsomba, ntchito yake yoyamba chibadwire mwanayo.

Mayi Pickering, amene ankayang'anira sukuluyo, anatsekula chitseko akupukuta magalasi.

"Mwadzuka bwanji, amake Rory? Mwalawiratu lero."

"Ndadzuka, kaya inu. Ndabwerera nambala ija. Ndimati mundionetse katengedwe kake, poti Lachitatu Rory ayamba kuswera konkuno."

Mayi Pickering anasiya kupukuta magalasi aja. "Katengedwe kake? Mukutanthauza kuti simunaitengebe?"

"Ndimadikira kuti maofesi atsegule."

Mayiwo anamuyang'ana kanthawi, kenako anauza Rory kuti akapachike jekete lake. "Lowani mu ofesi muno, amake Rory. Tikhale pansi."

Lamulo lake silovuta kumva. Mwana aliyense wa zaka zitatu boma limamulipirira maola khumi ndi asanu pa sabata ku sukulu ya mkaka, ndipo amenewa Rory ankalandira kale, m'mawa uliwonse. Kholo likakhala pantchito, kapena likatsala pang'ono kuiyamba, maolawo amafika makumi atatu. Koma owonjezerawo sabwera okha. Umapempha pa intaneti, amakupatsa nambala, ndipo nambalayo iyenera kutuluka teremu isanayambe. Khomo la teremu ya Januwale limatsekedwa pa 31 Disembala. Ukapeza latsekedwa, udikira Epulo. Zimenezi pafupifupi mayi aliyense wa pa sukulupo ankazidziwa, chifukwa zimakambidwa pageti anthu akudikira ana. Shelley yekha ndiye sanazimve.

Shelley sanali wa ku Grimsby. Kwawo kunali ku Sunderland, ndipo kuno anabwera potsatira bambo a Rory, amene patapita chaka anatenga chikwama n'kupita kukakhala ndi mkazi wina. Anatsala yekha ndi mwana m'zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yotsekedwa. Akapita kukatenga Rory ankaima poteropo, pafupi ndi mpanda wa maluwa, maso ali pa foni ngati munthu wotanganidwa kwambiri, pamene m'fonimo munalibe uthenga wa aliyense. Amayi ena ankaima m'timagulu, kuseka, kunena amuna awo ndi kukumbutsana za katemera. Sanali anthu oipa ayi. Kungoti ankaona ngati mayi wa pampandayo safuna kusokonezedwa, iyenso ankaona ngati iwo ndi okwana kale. Umu ndi mmene anthu amakhalira moyandikana chaka chathunthu osadziwana maina.

Tsono ife anthu a kuno tili ndi matenda athu. Munthu akhoza kuthyoka mwendo, koma ukamufunsa ayankha kuti, "Ndili bwino, zikomo," kenako n'kuyamba kudandaula za mvula. Kuvomera kuti sukudziwa kanthu, makamaka pagulu, timakuona ngati kuvula zovala pamsewu.

Tsiku lotsekera sukulu mu Disembala muja, ana anachita sewero la Khirisimasi. Rory anali nkhosa, ndipo analira mokweza kuposa nkhosa zinzake zonse. Potuluka, pakhomo pali piringupiringu, Mayi Pickering anakweza mawu pamwamba pa mitu ya anthu. "Amake Rory! Ndamva za ntchito, mwachita bwino! Za nambala ya maola owonjezera zili m'malo?"

Amayi atatu anacheuka kumuyang'ana. Shelley sankadziwa kuti ndi nambala yanji, koma onsewo ankaoneka kuti akuidziwa.

"Zonse zili bwino, zikomo," anayankha, n'kugwira dzanja la nkhosa yake kumapita.

Atafika kunyumba anaimbira mkulu wake Maxine ku Sunderland. Maxine analera ana atatu, onse aakulu tsopano, ndipo chilerere ana amenewo palibe nkhani ya padziko imene sankaidziwa.

"Nambala? Iwe, ine anga ndinalera popanda manambala, onani ali moyo," anatero Maxine, kumbuyo kukumveka mbale ndi wailesi. "Ndiye ukufuna uvutike nazo lero? Ndani amagwira ntchito pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere? Ngakhale a bomawo ali m'zovala zogonera, akudya nkhukundembo yotsala. Ukapempha pano palibe angakuyankhe."

"Koma achemwali, mayi aja amafunsa ngati n'zachangu."

"Aphunzitsi chilichonse amachiyesa chachangu, ndi ntchito yawo. Usadzipatse mutu, mwana iwe. Udzapite sukulu ikatsegula, adzakulembera okha. Boma silingathawe ndi maola ako."

Shelley anaseka, mtima n'kukhala pansi. Malangizo okuuza kuti upume amatsekemera, ndipo sitiwafunsa kumene achokera.

Kenako anafika masiku aja a pakati, amene dziko lonse limaiwala kuti lero n'lachingati. Maxine anamuitana kuti akadye nawo Khirisimasi, koma ndalama ya sitima inalibe pochokera, ndiye Shelley anayankha kuti ali bwino konkuno. Anaphika nkhuku yaing'ono, anadya awiriwiri. Masana ankayenda ndi Rory m'mphepete mwa doko mpaka zala zitauma, kudutsa pafupi ndi nyumba za anthu ena momwe munali nyali ndi achibale odzaza pamipando. Kusungulumwa kunamugwira kwambiri masiku amenewo, moti nthawi zina ankatsekula wailesi kuti angomva mawu a munthu wamkulu m'nyumba. Pa 31 Disembala anaswera pampando Rory akusewera ndi galimoto zake pansi, iye akuona zithunzi za maphwando a anthu ena pa foni. Inali foni yomweyo imene akanapemphera nambala, ndipo inali m'manja mwake tsiku lonse.

Tsopano anali mu ofesi ya Mayi Pickering, kapu ya tiyi ikuzizira patsogolo pake.

"Intaneti sitseka pa Khirisimasi, mwana wanga," anatero mayiwo. "Mukanapempha muli pampando kwanu."

"Ndiye ndipemphe pompano. Lero ndi Lolemba chabe, sindinayambe n'komwe."

"Pemphani ndithu, ndipo tichitira limodzi. Koma nambala yotuluka lero idzayamba kugwira ntchito mu Epulo."

"Simungawaimbire? Muwauze kuti ndinalibe wondiuza. Ndili ndekha, Mayi Pickering, ndilibe aliyense kuno." Mawu omalizawo anatuluka okha, ndipo Shelley anachita manyazi atawamva.

"Ndikanakhala ndi mphamvu imeneyo ndikanaimba musanamalize kulankhula. Ndilibe. Chaka chilichonse ndimakhala pampando uno ndi kholo limodzi kapena awiri, ndipo yankho silisintha." Anakankhira mbale ya mabisiketi kwa iye. "Inenso ndinalakwa kukufunsani pagulu. Ndikanakuitanirani pambali. Koma bwanji simunabwerere n'kundiuza kuti, mayi, nambala yake iti?"

"Ndinkaopa kuoneka wopusa."

"Pa amayi onse aja palibe anabadwa akuidziwa. Aliyense anachita kufunsa wina."

Anawerengera limodzi mtengo wolipira yekha masana onse mpaka Epulo. Akachotsa lendi ndi magetsi, malipiro a ku fakitale sakanakwanira. Shelley anayang'ana zithunzi za ana zimene zinamatidwa kukhoma. Ntchito imeneyi sankaifunira ndalama zokha. Ankafuna kumadzuka ali ndi kopita, kumene wina angamutchule dzina lake.

"Mverani," anatero Mayi Pickering. "Ntchito musaisiye yonse, chifukwa mukakhala pakhomo nambala ya Epulo nayonso simuipeza. Maola amene Rory ali nawo kale tingathe kuwaunjika pa masiku awiri athunthu, inu n'kumalipira pang'ono potsalapo. Pitani kwa abwana anu lero lomwe mukawauze zoona. Osakawauza kuti zonse zili bwino."

Kapitawo wa ku fakitale, Bambo Naylor, anamvetsera ataima pakhomo la chipinda chozizira, manja ali m'thumba la epuloni.

"Mwachita bwino kunena msanga, mayi, ena amangosowa," anatero. "Masiku awiri ndikupatsani, Lachitatu ndi Lachinayi. Koma malo a tsiku lonse sindingakusungireni. Nsomba sizidikira Epulo."

Pofika Lachisanu malowo anali atapatsidwa mayi wina. Shelley ankamuona akutenga malaya oyera a pantchito pa msomali umene unayamba walembedwa dzina la Braithwaite.

Atamuuza Maxine, foni inachita kunjenjemera. "Aa! Anthu ake ndi ouma mtima bwanji! Masiku ochepa okhawo? Ndiye ine ndikanadziwa bwanji, iwe? Nthawi yathu kunalibe zimenezi!"

"Ndi zomwezo, achemwali. Nthawi yanu kunalibe."

Amene anamva kuwawa kwenikweni anali Rory. Kale ankapita kusukulu m'mawa uliwonse, tsopano masiku awiri okha. M'mawa wa Lolemba ankadzuka n'kudziveka jekete mozondotsa, kachikwama kumsana, n'kukaima pachitseko.

"Amayi, tiyeni. Mnzanga Idris akundidikira."

"Lero kulibe, Rory. Mpaka Lachitatu."

"Idris akupita lero. Ndalakwa chiyani ine?"

"Sunalakwe kanthu, mwanawe. Vula jeketelo."

Ankavula, n'kukakwera pampando wa pazenera kuyang'ana ana ena akudutsa pansi ndi amayi awo. Dzinja la chaka chimenecho linatalika. Mdima unkagwa masanasana, mvula osaleka, ndipo awiriwo ankangoyang'anana m'zipinda ziwiri zija. Shelley ankatha kupirira za ntchito, koma funso la mwanayo linkamupweteka Lolemba lililonse ngati akulimva koyamba.

Nambala inali itatuluka sabata yomwe ija ya Januwale. Mayi Pickering anamuchenjeza kuti nayonso imafuna kuitsimikizira miyezi itatu iliyonse, apo ayi imafa, ndiye Shelley analemba tsikulo ndi zilembo zikuluzikulu pa chitseko cha firiji. Atafunsa Bambo Naylor za Epulo, iwo anangokweza mapewa. "Wina akachoka ndidzakuuzani. Pano malo adzaza." Choncho maola makumi atatu anali m'njira, koma ntchito imene anawafunira inali itapita.

Chakumapeto kwa Malichi, Lachinayi lina, Shelley anafika pageti akununkha nsomba monga mwa masiku ake. Pamalo pake paja, pafupi ndi mpanda wa maluwa, anapeza pali munthu. Anali bambo wachilendo, wamtali, wovala jekete la anthu oyendetsa basi, ndipo maso ake anali pa foni. Shelley anali atamuonapo kawiri akutenga kamtsikana ka tsitsi lomangidwa mokhota, ndipo nthawi zonse ankabwera yekha n'kubwerera osalankhula ndi munthu. Atamuyandikira anaona kuti chala cha bamboyo chikungoyendayenda pa foni popanda chimene akuwerenga.

Chibwerere ku Grimsby anali asanayambitsepo nkhani ndi munthu pageti limeneli.

"Pepani bambo," anatero, mawu akutuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. "Ndine make Rory. Ndaona mwana wanu wangoyamba kumene. Nambala ya maola owonjezera munatenga? Akutseka pa 31 mwezi uno."

Bamboyo anadzidzimuka, anayang'ana amayi a m'timagulu aja, kenako anamwetulira mwaulemu. "Zonse zili bwino, zikomo. Koma mphepo yake lero!"

Shelley sanachoke. Anaika manja m'thumba n'kuima pambali pake, onse awiri akuyang'ana chitseko cha sukulu.

"Inenso ndinayankha choncho," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga wakhala pazenera kuyambira Januwale."

Mkati ana anayamba kuimba nyimbo yowerukira. Bamboyo anatsokomola pang'ono, anasendera pafupi kuti ena asamve, n'kumulozetsa foni ija.

"Mayi," ananong'ona, "nambala yake iti?"

Phunziro: Thandizo la boma la maola a ana ku sukulu ya mkaka lili ndi tsiku lotsekera, ndipo tsikulo silisuntha chifukwa cha tchuthi kapena chifukwa choti simunadziwe. Funsani oyang'anira sukulu msanga, pemphani nthawi ikadalipo, ndipo kumbukirani kutsimikizira nambala yanu ikafuna kutero. M'bale wokukondani akhoza kukupatsani malangizo a nthawi yake yakale. Manyazi ofunsa amatha tsiku lomwelo, koma safunsa anadya phula, ndipo nthawi zina wodya nawo phulalo amakhala mwana.