Tekla m'Dengu la Thonje

Tekla anali ndi zaka khumi kunyumba ndi kutchalitchi, koma akangolowa pachipata cha fakitale ya ulusi ankakhala ndi zaka khumi ndi ziwiri. Lamulo linkaletsa mwana wosakwana zaka zimenezo kugwira makina, choncho ana a m'tauniyo ankakula msanga pachipatapo m'mawa uliwonse.

Mayi ake, a Apolonia, anali munthu wopemphera. Ankaimba nyimbo za Amayi Maria uku akusenda mbatatesi, ndipo mwana akanama ankamukoka khutu mpaka lifiire. Koma chipinda chomwe ankakhalamo chinali cha fakitale, ndipo banja lopanda antchito awiri linkatulutsidwa. Bambo ake a Tekla makina anali atawadula dzanja. Antchito awiriwo anali mayi ndi mwana.

Lachisanu madzulo Tekla anakalapa koyamba, poti Lamlungu ankayembekezera kulandira Ukaristia. Anabwerako mtima uli mbee, ndipo anatsimikiza kuusunga choncho. Linali tsiku limodzi lokha loti apirire.

"Amayi, bambo mfumu akuti bodza ngakhale laling'ono ndi tchimo."

"Akunena zoona."

"Nanga wina akandifunsa zaka zanga mawa?"

"Bambo mfumu ali ndi nyumba yawo, mwanawe. Idya buledi wako."

Loweruka masana kapitawo, a Gruszka, analowa akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Tiana nonse m'madengu! Woyendera mafakitale wafika! Iwe Tekla, ukudikira kuti ndichite kukunyamula?"

Ana ankadziwa kale zochita. Aliyense analumphira m'dengu lake, amayi n'kuwafunditsa thonje pamwamba. Ali m'katimo Tekla anakumbukira Mose ali khanda m'kabasiketi pakati pa bango, n'kupempha kuti kwa iye kusabwere mwana wa Farao aliyense. Koma fumbi la thonje linamulowa m'mphuno. Anadzitsina, analuma mlomo, anayamba Tikuoneni Maria, ndipo asanafike pakati anayetsemula.

Ndodo ya woyendera uja inavundukula thonjelo. Woyenderayo anali bambo wonenepa, ndevu zikunyezimira mafuta a bakha yemwe anali atangodya kunyumba kwa mwini fakitale.

"A kapitawo, kodi thonje lanu limayetsemula?"

"Chimfine chavuta chaka chino, bwana," anayankha a Gruszka.

"Tuluka, mtsikana iwe. Uli ndi zaka zingati?"

Tekla anayang'ana mayi ake kuseri kwa makina. Milomo yawo inkagwedera ndi pemphero, koma iye sanadziwe ngati ankapempha Mulungu kuti amulimbitse mtima wonena zoona kapena wonama. Anaganiza za bambo ake atakhala pamsewu ndi bedi ndi mapoto, chipale chofewa chikuwagwera. Anaganizanso za Hananiya ndi Safira, omwe ananama kamodzi kokha n'kunyamulidwa ali mitembo.

"Khumi, bwana."

A Apolonia anatsinzina. A Gruszka anayang'ana kudenga ngati amva wina akuwaitana kumeneko.

Woyendera uja anatulutsa wotchi m'thumba. Sitima yake inkanyamuka folo koloko, ndipo mwana wa zaka khumi ankatanthauza makalata ambiri, komanso kusaitanidwanso ku bakha.

"Ana a kuno n'kuwerenga komwe sadziwa," anauza kalaliki wake. "Taona msinkhuwo. Lemba khumi ndi ziwiri." Kenako anatembenukira kwa kapitawo. "Ndipo musamalole antchito kugona m'madengu nthawi ya ntchito. N'zochititsa manyazi."

"Sizichitikanso, bwana."

Poweruka, a Apolonia anayenda ndi mwana wawo mpaka pamlatho. Pamenepo anamugwira Tekla khutu.

"Ukanatigoneka panja, chitsiru iwe."

Koma sanalikoke. Anamukumbatira n'kuyamba kulira, thonje la m'tsitsi la mwanayo likuwamatirira m'masaya.

Lamlungu Tekla anagwada kutsogolo atavala diresi loyera lobwereka, ndipo analandira Ambuye wake alibe bodza pa lilime. Misa itatha, a Apolonia anayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha Yosefe Woyera. Anapempherera bwana woyendera uja ndi mtima wonse, kuti Mulungu amupatse thanzi ndi kumusunga pa ntchito imeneyo zaka zambiri, chifukwa mng'ono wake wa Tekla anali atangokwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo posachedwa nayenso ankayenera kuyamba kukula msanga pachipata chija.